Nkhupakupa ya pa Ng'ombe

Ntchito yopanga mawebusaiti ndinaiphunzira mwakuba. Ndinali wolandira anthu mu kafe ina ya intaneti kuseri kwa Cairo Road, zaka zija makafe otere ankamera ngati bowa, ndipo makasitomala akachepa ndinkatsegula masamba a eni ake n'kumasuzumira m'mimba mwake kuti ndione mmene anawalukira. Kusukulu ya makompyuta sindinapondeko. Koma ukaipa dziwa nyimbo. Patatha zaka ziwiri ndinkatha kulemba mapulogalamu m'chilankhulo cha makompyuta cha PHP oti n'kugwira ntchito, ngakhale anali osaoneka bwino.

Choncho pamene kakampani kena ka ku Woodlands kananditenga kuti kandiyese kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndinadziona kuti ndafika. Ofesi yake inali galaja ya kunyumba kwa abwana, yopakidwa penti woyera, yokhala ndi makompyuta atatu ndi fani imodzi yomwe inkangoyang'ana kwa abwanawo. Anatitenga awiri tsiku limodzi, ine ndi mkulu wina wa ku Chelstone, mwini dipuloma, wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Abwana sanabise mawu. Anati malo okhazikika ndi amodzi, ndipo miyeziyo ikatha mmodzi wa ife adzatsala, winayo adzaona msewu.

Nthawi imeneyo masukulu a pulaiveti anali atachuluka, aliyense wokhala ndi nyumba ya zipinda zinayi ankatsegula yake. Abwana anaganiza zowagulitsa pulogalamu yolembetsera ana pa intaneti. Kholo lilembe dzina la mwana ndi komwe akukhala, lidine batani, zonse zikalowe m'nkhokwe ya mayina. Ntchito yoyamba kuilemba inagwera ine, chifukwa mnzangayo anali kaye kalikiliki kujambula mabokosi ndi mivi papepala.

Nditamaliza ndinayamba kuyesa ndekha. Ndinalemba mayina a abale anga, ndipo pofika pa malo okhala ndinalemba kwathu. Pamenepo ndinkagona kwa achemwali anga ku mafulati a ku Kabwata, ndipo muofesi akandifunsa ndinkati Kabwata basi. Koma mchombo wanga uli ku Ng'ombe, komboni ya fumbi ija, komwe mayi anga ankagulitsa makala. Zimenezi muofesi sindinkazitchula. Nditalemba Ng'ombe n'kudina batani, tsamba lonse linayera mbuu, kenaka linalavula mizere ya Chingerezi chodandaula.

Zinanditengera masiku awiri kuti ndimvetse. Vuto linali kachizindikiro kaja kolendewera m'mwamba pakati pa g ndi o. Kwa ife n'kamene kamachititsa kuti ng'ombe ikhale ng'ombe. Koma m'chilankhulo cholankhulira ndi nkhokwe ya mayina, kachizindikiro komweko kamatanthauza kuti mawu athera pano. Ndiye kompyuta inkawerenga Ng, n'kuganiza kuti dzina latha, kenaka n'kukumana ndi ombe, n'kumuyesa lamulo lomwe sinalimvepo chibadwire, n'kukomoka. Ndinakatcha nkhupakupa, poti n'kakang'ono, kamamatira pa ng'ombe, ndipo kangathe kuigwetsa. Ndinalemba timizere tinayi toti tizisefa mawu onse asanalowe m'nkhokwe, vuto linatha, ndipo sindinauze munthu chifukwa kufotokoza kukanafuna kuti nditchule kwathu.

Kenaka mnzanga wa ku Chelstone anabwera ndi fulemuweki. Anaipeza pa sidi yomatidwa pa magazini ya kunja. Kwa amene sadziwa, fulemuweki ili ngati nyumba yomwe wina wakumangira kale maziko ndi makoma, iwe n'kungoika zitseko ndi mawindo pomwe ukufuna. Si chinthu choipa ayi, ndipo masiku ano ndimadyera momwemo. Koma mkuluyo ankalitchula liwu limeneli kakhumi pa ola, milomo ataisongola, mpaka abwana anayamba kulilota. Anamulola kuti alembenso pulogalamu yanga yonse m'fulemuweki yakeyo. Patatha milungu itatu anamaliza, ndipo ndisaname, inakongola. Mabatani anali obulungira, mitundu yogwirizana, yanga ija pambali pake inkaoneka ngati chikwangwani cha pa malo ometera tsitsi.

Pomwepo kunamveka zoti kudzakhala msonkhano waukulu wa anthu a makompyuta pa loji ina ku Kabulonga, ndipo eni masukulu adzaitanidwa. Abwana anapeza mphindi makumi awiri zoti kampani yathu idzaonetse ntchito yake. Wokaonetsa anali mnzangayo. Pa timapepala tomwe anasindikiza panali dzina la abwana ndi lake, langa panalibe, ngakhale kuti mmene fomu yolembetserayo inkayendera monse munali mwanga. Msonkhanowo unkachitika Lachisanu, ndipo miyezi yathu yoyesedwa inkatha Lolemba lotsatira. Sindinafune wondiwombezera kuti ndidziwe yemwe adzaone msewu.

Tsiku lina ndikuyang'ana ntchito ya mnzangayo ndinaona kuti timizere tanga tinayi mulibe.

“Imwe,” ndinatero, “ka code kanga kaja kosefa mazina, mwakachosa?”

“Ka code ka mu komboni kaja?” anayankha osanditembenukira n'komwe. “Awe sisi, fulemuweki ichita vonse yeka. Manje tili pa level inangu.”

Sankadziwa kwathu, anangolankhula mmene anthu a tayi amalankhulira. Komabe zinandibaya, ndipo ndinakwiya kwambiri. Masana amenewo atapita kukagula tchipisi ndinakhala pa kompyuta yake, ndinalemba Ng'ombe, n'kudina batani lake lobulungiralo. Tsamba linayera mbuu. Fulemuwekiyo inalidi ndi njira yakeyake yothanirana ndi nkhupakupa, koma mkuluyo sanawerenge bukulo kufika patsamba limenelo, ndipo poyesa ntchito yake ankangolemba Kabulonga, Woodlands ndi Chelstone. Safunsa anadya phula. Ndinabwezera zonse mmene zinalili, ndinabwerera pampando wanga, ndipo atabwera ndinamupempha tchipisi ziwiri.

Achemwali anga, omwe ndi a pemphero kwambiri, nditawauza sanaseke.

“Uza ba bosi, iwe. Ni uchimo uyo.”

“Nizabauza mailo,” ndinatero. Ndinanena mailo ameneyu, mawa losafika, kwa milungu iwiri.

Lachisanu lija ndinakwera minibasi kuchoka ku Kabwata kupita m'tauni, ina kuchoka m'tauni kupita ku Kabulonga, n'kumalizitsa wapansi m'mbali mwa mipanda italiitali, agalu akundiuwa kuseri kwa mageti. Ntchito yomwe anandipatsa inali yoima pakhomo n'kumagawa timapepala tija. Msonkhano wa mtundu umenewu ndinali ndisanauonepo. Aliyense anapachika dzina lake pachifuwa, ndipo anthu popatsana moni ankayamba ayang'ana pachifuwapo kuti adziwe kukula kwa moni woyenera. M'mawa wonse analankhula alendo ochokera kunja, wina akuti fulemuweki yake ndiyo tsogolo, wotsatira akuti ya mnzakeyo inafa kale. Eni masukulu ankagwedeza mitu ngati akumva, maso ali pakhomo pomwe pankalowera masamusa.

Nthawi yathu inakwana tiyi atatha. Mnzanga anaima kutsogolo, tayi yatsopano, fomu yathu itawala pakhoma kukula ngati chitseko cha galaja. Analankhula bwino, ndimupatse zake. Kenaka anachita chimene ndinkadikira. Anapempha kuti wina mwa anthu atchule dzina la mwana ndi komwe amakhala, kuti onse aone kuphweka kwake. Mayi wina wonunkhira anatchula dzina, n'kuti Kabulonga. Zinalowa. Anthu anaomba m'manja, abwana akumwetulira pamzere woyamba.

“Winangu?” anafunsa mnzangayo, atakoma nazo.

Ndinakweza dzanja ndili kumbuyo kwenikweni, timapepala tili kukhwapa. Anandiona n'kuyang'ana kumbali, koma wapampando wa msonkhano anali atandiloza kale, akuti tamvereni mayi ali pakhomoyo. Ndinatchula dzina la mwana wa mlongo wanga.

“Ankala kuti?”

“Ku Ng'ombe. Kwatu.”

Kuseka kunayenda m'holomo, kuseka kuja kwa anthu odya bwino akamva dzina la komboni. Abwana anatembenuka n'kundiyang'ana. Manyazi anandigwira mpaka kumapazi, koma ndinadzilimbitsa kuti dikirani, museka zenizeni posachedwa. Mnzanga analemba, anadina batani, ndipo fomu inati zikomo, mwana walembetsedwa.

Nditayang'anitsitsa pakhoma ndinaona chomwe chachitika. Munthuyo analemba Ngombe, wopanda nkhupakupa. Sikuti anachenjera ayi, kungoti moyo wake wonse ankalemba choncho. Ndinali nditaulula kwathu pamaso pa anthu a ku Kabulonga popanda phindu lililonse, ndipo ndinayamba kuganiza zoti mwina ku kafe kuja angandilandirenso.

Pamenepo pamzere wachitatu panaimirira bambo wina wachikulire, wa jekete yotuwa, mwini kasukulu kena, yemwe pambuyo pake ndinamva kuti anaphunzitsa Chinyanja zaka zambiri asanapume. Sanakweze dzanja, anangoimirira monga amachitira aphunzitsi.

“Pepani a wapampando. Mwana wanga, Ngombe n'chiyani? Ine ndikudziwa ng'ombe, ya nyanga, ndi Ng'ombe komwe kumachokera theka la ana a pasukulu yanga. Ikanipo chizindikiro pakati pa g ndi o. Kapena makina anuwa amakonza okha sipelo?”

Anthu anasekanso, tsopano mokomera mphunzitsiyo. Mnzanga anaseka nawo, anati palibe vuto ba tate, anabwerera pa fomu, anaika nkhupakupa pamalo pake, n'kudina.

Khoma lonse linayera mbuu, kenaka panatuluka mizere ija ya Chingerezi chodandaula, zilembo zake zikuluzikulu zoti ngakhale wa pakhomo n'kuwerenga. Anadinanso, zomwezo. Mlendo mmodzi wa kunja anazindikira msanga n'kubisa nkhope m'manja. Mphunzitsi uja anali chiimirire.

“Ndiye kuti ana anga a ku Ng'ombe sadzalembetsa? Nanga a mayina oyamba ndi ng' achuluka bwanji m'dziko muno?”

Ndinasangalala, sindikana. Koma chisangalalocho sichinathe mphindi, chifukwa mnzanga anapukuta thukuta, anayang'ana kumbuyo kwa holo, n'kuloza ine.

“Iyi part ya mazina,” anatero pa maikolofoni, “analemba ni colleague wanga uja ali pa door.”

Miyezi yonseyi ndinkafuna kuti dzina langa litchulidwe pa ntchito imeneyi, ndipo linatchulidwadi, pa nthawi yomwe ntchitoyo inali chigonere chagada pakhoma. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinaika timapepala pampando, ndinayenda pakati pa mizere nsapato zanga zafumbi zikulira, ndinamupempha kuti asunthe. Timizere tinayi tija ndinkatidziwa ngati pemphero la pa chakudya. Ndinatilemba anthu onse akuona pakhoma, ndinabwerera pa fomu, ndinalemba Ng'ombe ndi nkhupakupa yake, n'kudina. Fomu inati zikomo. Mphunzitsi uja anati, “Eya,” n'kukhala pansi, ndipo m'manja munaombedwa kuposa poyamba paja.

Lolemba abwana anandiitana ndekha mnzanga asanafike. Fani anaizimitsa, chinthu chomwe sankachita.

“Unaikonza mu two minutes,” anatero. “Sunaganizeko na kuganiza. Unaziba liti kuti izagwa?”

Bodza linali kale pa lilime, lokonzeka bwino. Koma ndinali nditatopa ndi kubisa zinthu muofesi imeneyo.

“Two weeks yapita, ba bosi.”

“Two weeks. Unankala chabe zii, kuyembekeza kuti company yanga igwe pamenso pa bantu.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikuwerenga ming'alu ya simenti pansi, ndikudziwa kuti ndadzigwetsa ndekha.

“Nchito ni yako,” anatero pomaliza. “Osaganiza ati nakukonda. Nakuopa chabe. Muntu monga iwe ni bwino ankale mukati mwa gate, osati panja.”

Mnzanga wa ku Chelstone anafika patangopita nthawi pang'ono, tayi ili m'khosi monga mwa masiku onse, ndipo abwana analowa naye m'nyumba yaikulu. Atatuluka analongedza makapu ake ndi mapepala a mabokosi ndi mivi m'jumbo. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho atatu. Iye anangoima pambali pa tebulo langa, jumbo ili m'manja.

“Sisi,” anatero motsitsa mawu, “sembe munaniuza chabe. Nili na bana babili.”

Mayankho anga atatu aja sanagwire ntchito pa munthu wongodandaula kuti ndikanamuuza. Ndinamuperekeza ndi maso mpaka pageti, mlonda anamutsegulira, ndipo ndinatsala ndi makompyuta awiri ndekha.