Chitseko cha Mlamu Wanga

Kwathu ku Wimbe anthu amandidziwa ndi pakamwa, ndipo sindikana. Amuna anga ali moyo ankati ndikanapita patali ndi sukulu ndikanakhala loya, ndipo atamwalira sipanatsale wonditseka pakamwapo. Zambiri zimene ndalankhula m'moyo uno zinapita ndi mphepo, zina zinangondidanitsa ndi anthu. Koma lilipo tsiku limodzi limene pakamwa pangapa panagwira ntchito, ndipo ndimanyada nalo mpaka lero.

Mlongo wanga wamng'ono anakatenga mkazi ku Lisasadzi n'kubwera naye pamudzi pathu, chitengwa. Anali mtsikana wofatsa, wamanyazi, wodziwa kusoka fodya kuposa ine amene ndinakulira m'chigafa. Ndinkamuitana kuti "mkazi wanga", monga timaserewulana ndi alamu, iye n'kumaseka atabisa nkhope m'chitenje. Atatenga pakati, womuperekeza kusikelo ndinali ine, poti amayi athu anatisiya kale ndipo amayi ake anali odwaladwala.

Kusikeloko n'kumene ndinaonera koyamba anesi amene anadzatithandiza. Ankachokera kuchipatala cha paboma, ndipo ntchito yawo inali ya matenda a maganizo. Tsiku lina anatisonkhanitsa operekezafe pakhonde. Anati mayi akangobereka, nthawi zina mutu umasokonezeka: sagona, amalankhula zopanda mutu, amaopa ndi a m'nyumba mwake omwe. Anati si ufiti, si ziwanda, ndi matenda ndipo amachizika. "Mukaona zotere musamumange, musamumenye, musayambe n'kuthamangira kupolisi. Ndiimbireni ine." Nambala ndinaisunga mufoni, koma maganizo anga anali pa fodya amene ndinasiya osasankha kunyumba.

Mwana anabadwira kuchipatala, wamwamuna, nyengo yodinda fodya. Titafika nawo kunyumba tinawalowetsa m'chikuta. Mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Mwamuna salowamo, ndipo munthu wotentha, amene wakhala malo amodzi ndi mkazi kapena mwamuna wake, sagwira mwanayo kuopa kumusempha. Ine mayi wamasiye, wozizira ngati madzi a mumtsuko, ndinali woyenera. Ndinkagona momwemo, kuphika phala, kutenthetsa madzi. Mlongo wanga anasamukira kuchigafa, kumene ankaliza mkonono pamabelo n'kumati akulondera akuba.

Zinayamba pang'onopang'ono. Mlamu wanga anasiya kugona. Ankaimba nyimbo zakwaya mosalekeza, munthu amene kutchalitchi mawu ake sankamveka n'komwe. Kenako anayamba kundifunsa za anthu odutsa kuseri kwa nyumba, akuti wawamva akupangana zomusinthira mwana. Ine ndinkati n'kutopa chabe. M'mawa wina ndinapita kumjigo, ndipo pobwera ndinapeza chitseko chotseka, m'kati atatsamiritsako tebulo ndi thumba la chimanga. Nditasuzumira pazenera ndinamuona atakhala pakona, mwana ali pachifuwa, dzanja lina litagwira mpeni wodulira ndiwo. Ndinati, "Mkazi wanga, tatsegula." Anandiyang'ana ngati sakundidziwa n'kunena kuti, "Nanunso akutumani."

Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinakumbuka mnyamata wina wa mudzi woyandikana nafe amene anadwala mutu zaka zam'mbuyomo. Anamuthyolera chitseko, kumumanga ndi chingwe cha ng'ombe, kumuponya m'ngolo, mpaka anakagona m'chitokosi ngati wakuba. Anachira, koma mpaka lero akaona gulu la anthu amalowa m'chimanga, ndipo pamudzi amangomuti wamisala uja. M'maganizo mwanga ndinaona mlamu wanga akukokedwa chomwecho, thupi lisanapole n'komwe, mwana akupulumuka m'manja pachipwirikiti. Ndinatula ndowa n'kuimba foni.

Anesi anayankha. Anandifunsa ngati mwana akulira, kuti wayamwa liti, ndiponso ngati mpeniwo akuloza nawo munthu. Kenako anati, "Ndikubwera. Chimene ndikupempha n'chimodzi, munthu asakhudze chitsekocho." Kuchokera paboma kufika kwathu si pafupi, ndipo msewu wake mvula inali itausiya maenje okhaokha.

Nkhani ya pamudzi sichedwa. Posakhalitsa bwalo linali litadzaza. Mlongo wanga anabwera akuthamanga, chitsulo cha jeke yodindira fodya chili m'manja. Amuna achitetezo cha m'mudzi anabwera ndi zingwe. Wina anali ataimbira kale kupolisi ya pamsika, ndipo wapolisi anafika pa njinga yamoto, mnyamata wamtali, unyolo ukulendewera m'chiuno.

"Achemwali, chokani pamenepo," anatero mlongo wanga. "Andiphera mwana ameneyu!"

Ine ndinali nditakhala kale pakhomo, nditatambalala, msana uli kuchitseko. Za anesi ndinafotokoza, koma palibe anazimva. Wina anati nesi angatani ndi munthu wa mpeni. Wina anati mankhwala a misala ndi chingwe. Wapolisi uja anandilankhula mwaulemu ndithu: "Mayi, apa pali moyo wa mwana. Tipatseni mpata."

Apa m'pamene ndinakweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Chabwino, bwana. Koma muno ndi m'chikuta, mchombo sunagwe. Aliyense wofuna kulowa ayambe waima apa, atiuze tonsefe, apongozi ake akumva, kuti usiku wathawu wagona bwanji kunyumba kwake. Tiyambe ndi inu apampando achitetezo. Mukaiwala, akazi anu ndi awo ali apowo, atikumbutsa."

Amuna anayang'anizana. Kenako mayi wina anaphulika nako kuseka, amayi onse n'kutsatira. Apampando anayamba kuyang'anitsitsa chingwe chawo ngati akuchiona koyamba. Amuna amene ankapinda malaya anabwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, poti palibe ankafuna kuti mwana akadzatupa mawa, mudzi wonse udzamuloze chala. Wapolisi, amene ndinamva pambuyo pake kuti anali atangokwatira kumene, anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Mayi inu ndinu ovuta," anatero. "Anesi anuwo afika pati?"

Ndinamupatsa foni, analankhulana. Atamaliza anatembenukira gulu lija n'kulikankhira kumtengo wa mango, kutali ndi zenera. Chitsulo cha jeke anachilanda yekha m'manja mwa mlongo wanga n'kuchikhalira. Mnyamata ameneyo ndimamulemekeza.

Ndine mayi wa mpingo ine, ndipo za tsempho ndimazikhulupirira mwa apo ndi apo. Koma tsiku limenelo ndinazigwira ndi manja awiri.

Kudikira kunali kowawa. Mwana ankalira, kenako n'kukhala chete, ndipo cheteyo ndi amene ankandipweteka kwambiri. Mlongo wanga ankangozungulira pabwalo. Nthawi ina anaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Chikachitika chinthu, mwana ameneyu ali pamutu panu." Ankanena zoona, koma pakhomopo sindinachoke.

Anesi anafika dzuwa lili pamutu, pa kabaza wa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Asanayandikire nyumba anamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, chikwama n'kusiyira wapolisi. Anagwada pambali panga n'kundipatsa moni wonse, osadumpha. Koma poti ndinali nditafunsa amuna onse aja, sindikanawasiya iwo okha anthu akuona. Ndinawanong'oneza funso lomwe lija.

Anandiyang'ana n'kumwetulira pang'ono. "Sindinama, amayi. Ndine wotentha."

Ndinati basi, msampha ndinatchera ndekha wandikola. Koma iwo anadzuka, n'kupita pazenera, n'kuima chapambali kuti asatchinge kuwala.

"Odi kuno, achemwali," anatero. "Ndine nesi, munkandiona kusikelo. Ndikuuzeni chilungamo. Ine ndine wotentha, ndiye mwana wanuyo sindingamukhudze ngakhale ndi chala. Ndi wanu, akhala m'manja mwanu momwemo. Ine ndadzera inuyo. Ndamva kuti simukugona."

Kenako ndinamva mawu a mlamu wanga, otsika kwambiri. "Simumutenga?"

"Ndingamutenge bwanji? Alamu anuwa angandisiye wamoyo?"

Anacheza nthawi yaitali. Za anthu ofuna kusintha mwana anesi sanatsutse, komanso sanavomereze. Anati, "Ine sindikuwamva anthuwo, koma ndikuona kuti inu mukuopa kwambiri, ndipo mantha otere amatopetsa." Anamufunsa ngati wadya, ngati mutu ukuwawa, ngati thupi likutentha. Akawayankha zosokonekera ankangodikira, n'kufunsanso mofatsa. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha sindinabadwe nako. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndilowererepo, anesi n'kundigwira paphewa osandiyang'ana n'komwe.

Kenako anati, "Tamuikani kubere, ndimve akumeza." Panapita kanthawi, ndipo tinamvadi kamwana kakumeza. Misozi yanga inangotsika yokha. Anesi anati mwana akamayamwa amafuna manja onse awiri a mayi wake, ndipo posachedwa mpeni unatulukira pazenera, chigwiriro chili kutsogolo.

Mthunzi wa nyumba unali utafika pankhokwe pamene tinamva thumba likukhwekhwerezedwa, kenako tebulo. Chitseko chinatseguka kuchokera m'kati, ndipo ine amene ndinachitsamira tsiku lonse ndinatsala pang'ono kugwera m'nyumba chagada.

"Alowe alamu okha," anatero mlamu wanga.

Anesi anakhala pansi pakhomo pomwepo, osalowetsa ndi phazi lomwe. Mwana anamuyeza ndi manja anga. Ankangondiuza kuti masulani thewera, gwirani paliwombo, onani mchombo ngati sukununkha. Anali bwinobwino, wanjala chabe. Mlamu wanga anamwa phala, n'kumwanso mankhwala kuchokera m'dzanja langa. Anesi anamuuza mosabisa kuti akufunika kukagonekedwa kuchipatala, kuti mwana apita naye, ndiponso kuti ine sindichoka pambali pake. Mlamu wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anavomera.

Bambo wina wachisilamu wa golosale pamsika anabweretsa galimoto yake yopikulira katundu. Amayi aja anaima mizere iwiri kuchokera pakhomo, atatambasula zitenje, kuti wa m'chikuta asaonedwe ndi amuna. Mlamu wanga anadutsa pakati pawo akuyenda yekha, mwana atamufunditsa pachifuwa, popanda womugwira mkono. Wapolisi anaima patali, chipewa chili m'manja. Zingwe zija sindikudziwa kuti zinachoka nthawi yanji.

Kuchipatala tinakhalitsako, ndipo sizinali zophweka. Masiku ena mlamu wanga sankandizindikira. Atayamba kuzindikira, ankalira ndi manyazi, akufunsa kuti anthu akuti chiyani kumudzi. Mchombo unagwera komweko, ndipo ndinaumanga pakansalu n'kubwera nawo. Titabwerera tinatulutsa mwana m'chikuta mwamwambo wake, mochedwa koma mokwanira, ndipo atate ake anamunyamula koyamba.

Manong'onong'o sanalephere. Achibale ena ankauza mlongo wanga kuti amubweze mkaziyo ku Lisasadzi, mwana atsale. Nditamva ndinamulondola kuchigafa. Ndinamufunsa kuti denga la chigafa likadontha amatentha chigafa chonse kapena amafolera. Ndinamufunsanso kuti ine ndikadzadwala adzandibweza kuti. Zina zimene ndinanena sizolembeka. Anangoti, "Ndamva, achemwali." Kuyambira pamenepo, tsiku la anesi likafika, ndi iye amene ankakweza mkazi wake panjinga kukatenga mankhwala.

Nambala ija tsopano ili m'mafoni ambiri kuno. Munthu woyamba kudzaipempha anali apampando achitetezo, mphwawo atayamba kuyenda akulankhula yekha. Anabwera m'mawa, opanda chingwe, maso ali pansi. Ndinawapatsa, ndipo za usiku wawo sindinawafunse.

Mwana uja lero amathamanga pabwalo, amandiitana kuti azakhali, amaba mtedza wanga pankhokwe. Chaka chatha fodya anagulidwa bwino, ndipo mlongo wanga anaganiza zokonza nyumba. Anapaka laimu, anasintha malata odontha, kenako anabwera ndi kalipentala kuti ayeze pakhomo aikepo chitseko chachitsulo, poti chakale chija n'chamatabwa, chopindika, cholira pochitsegula. Ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa. Mlamu wanga, wamanyazi uja, anatuluka m'khitchini manja ali ufa wokhawokha n'kuima pakhomo, pamalo pomwe ndinakhala ine paja.

"Pepani bambo, ichi chokha chisiyeni," anatero. "Chitseko ichi ndinatsegula ndekha."