Lamba wa Nsapato ndi Sayansi ya Amjomba

Nditasankhidwa kupita kusekondale ku Balaka, mayi anandigulira nsapato zofiira zapulasitiki pamsika wa Ntaja, zoyamba m'moyo wanga. Ndinkaziyesa m'mawa ndi madzulo, mpaka lamba wa yakumanzere anaduka sukulu isanatsegulidwe.

Pamsika panali bambo wowotcherera mabeseni, koma amjomba, alongo awo a mayi, anakana. Iwowa anasesako pafakitale ya mapulasitiki ku Blantyre, ndiye sayansi yonse ya m'mudzi mwathu inkagona m'thumba mwawo.

"Iyayi, pulasitiki salumikiza ngati chingwe cha mbuzi," anatero. "Timayamba tayeza ngati mitundu iwiriyo ikugwirizana."

Anafotokoza kuti kufakitale akatswiri ankasungunula mapulasitiki m'mankhwala n'kuwadutsitsa m'kapaipi, mtundu uliwonse n'kumatuluka panthawi yake. Ife kapaipi tinalibe. Tinali ndi mankhwala osungunulira penti, pepala lomwetsa inki, ndi chigubu chachikasu chong'ambika choti tidulepo chigamba. Zoyezera anapala pachigubu, zina n'kupala palamba wa nsapato yakumanja, yabwinobwino ija, poti yodukayo akuti inali yodwala kale.

Anathira zonse m'botolo n'kuviikamo pepala. Zansapato zinafewa, kufiira kwake n'kukwera pepala. Zachigubu zinangoti ndwii pansi ngati mkamwini wokwiya.

"Amjomba, sizikugwirizanatu izi," ndinatero.

Anacheuka kuyang'ana kumsewu, kumene kunkadutsa anyamata ofunsa makadi a chipani.

"Mwana iwe, pakamwa! Dziko lino ndi la umodzi. Zosagwirizana wazionera kuti?"

Basi, sayansi inathera pomwepo. Anatenthetsa mpeni, namata chigamba chachikasu pansapato yofiira, ine ndikutsokomola ndi utsi. Mayi anathokoza mogwada.

Chigambacho chinamatuka ndikukwera basi pa Liwonde. Lamba wopalidwa uja, pokhala wakhalidwe, anadikira mpaka pageti ya sukulu kuti aduke. Ndinalowa kumapazi kulibe kanthu, nsapato zili m'manja, atsikana a m'tauni akuyang'ana ming'alu ya kuzidendene kwanga. Ndinalira kuseri kwa bafa, ndipo mpaka lero ndikaona chigubu chachikasu mtima umandiwawa.

Patchuthi ndinaponya nsapatozo pamapazi pa amjomba. Anazitembenuza mwaukatswiri, nanunkhiza, kenaka n'kugwedeza mutu.

"Ntchito yanga ilibe vuto," anatero. "Mapazi akowa ndiwo sanaphunzire kumvera."