Nagirizi wa ku Lifuwu

Ku Lifuwu anthu ankamutcha Nagirizi, koma dzina lake linali Dailes. Mwamuna wake Fanuel atamwalira, anamusiyira ana anayi ndi chigalimoto chakale chonyamulira nsomba kupita ku siteshoni ya sitima ku Salima. Alamu ake anafika misozi isanaume n'komwe.

"Mlamu, tipatseni galimotoyi. Mchenga wa kuno umadya zitsulo. Mudzalowa pansi ndinu kukathira girizi?"

Chiwongolero chinali chitayamba kale kulimba, ndipo pokhota kutsogolo kunkalira ngati chitseko chadzimbiri. Chomuvuta Dailes chinali chovala: masiku amenewo lamulo silinkalola mkazi kuvala buluku, ndipo kugona chagada pabwalo m'chitenje kukanasonkhanitsa mudzi wonse.

Loweruka m'mawa anatenga luzi, namanga chitenje chake m'akakolo ngati thumba la mpunga. Anayala mkeka pansi pa galimoto n'kudzikokera m'menemo ndi zigongono. Anapukuta timabowo tonse tothirira girizi, ta pa ekiselo yogwira matayala ndi ta pa zitsulo zokhotetsa matayala, kenako n'kuyamba kupoperamo girizi ndi pampu ya mwamuna wake. Malemu ankati usaleke mpaka girizi wakuda wamchenga atuluke, watsopano aonekere. Zinyalala zinamugwera m'maso, koma sanaleke.

Alamu aja pobwera anangoona mapazi omangidwa atatulukira kunja.

"Koma mlamu, zimenezi mudzachita mpaka liti?"

"Mpaka chitsiriza wanga atamaliza sukulu," anayankha Dailes ali pansi pomwepo. "Tasunthani, alamu, mwaponda sipanala yanga."