Mbewu ya Amayi Inadyedwa ndi Nkhumba

Amene anandilakwira ndi malume, mlongo wawo wa amayi, ndipo anandilakwira ndi chimanga. Musaseke.

Kudenga la khitchini yathu ku Mkanda kunkalendewera chimanga cha mbewu, cha makolo, chomangidwa ndi makoko ake, chakuda bii ndi mwaye. Njere zake zinali zolimba moti ukaluma mano ankachita dzanzi. Amayi sankalola munthu kuchikhudza, ngakhale m'nyumba mutagona njala.

Chaka china alangizi a zaulimi anasankha malume kukhala mlimi wachitsanzo. Anawapatsa chipewa, njinga ndi mawu atsopano. Basi, munthu anasintha ndi kayendedwe komwe. Munda wathu unali m'mbali mwa msewu, ndiye anati chitsanzo chikhale pamenepo kuti odutsa aziona. Malume anathothola chimanga chija kudenga, ati chikamera pafupi chidetsa haibulidi, n'kukaponyera nkhumba zawo. Ine ndinaima pakhola kumvetsera zikukukuta. "Zachikale izi, mlongo," anatero. Amayi anangopukuta manja pachitenje.

Ndisaname, haibulidiyo anabereka. Alendo anabwera pagalimoto, anajambula, anaomba m'manja. Ine ndi amene ndinanyamula chikwangwani, mano onse pamtunda. Chitsiru!

Mavuto anayambira mumtondo. Amayi akati akonole, njere zinkangofumbutuka, mphale pang'ono, zambiri n'kupita ndi gaga. Ndimakumbukira lichero lili pamiyendo pawo, iwo akungoliyang'ana. Kenaka munkhokwe munalowa anankafumbwe. Ukaika khutu pansungwi unkamva akutafuna, ukapisa dzanja linkatuluka loyera ndi fumbi lonunkha chuku. Malume anati vuto ndi ife: chimanga chotere chimafuna matumba, mankhwala ndi chigayo. Nanga bwanji sananene poyamba? Ife matumbawo tikanawatola kuti?

Mvula yotsatira itafika pachimake, nkhokwe inali pululu. Ndinayamba kujomba kusukulu, kumawoloka ndi amayi kupita m'minda ya ku Zambia kukapalira kuti atipatse chimanga. Aphunzitsi anandikwapula kawiri, kachitatu sindinawapatse mpata. Yunifolomu inasanduka malaya a kumunda mpaka inatha.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti mbewuyo inali yolodzedwa. Sindinkadziwa kuti amene anaipanga ankaganizira munthu wina, wa matumba ndi chigayo pafupi, osati mayi wa mtondo ndi nkhokwe. Anayeza nthaka, anayeza mvula, anayeza kutalika kwa phesi. Wosinja yekha ndiye sanamufunse. Ndipo amene akanawauza, malume, pakamwa panali potseka ndi njinga.

Chaka chatha malume anatulukira pakhomo, imvi mbuu, chipewa china chatsopano kumutu. Ine ndinali kukonza tcheni cha njinga yanga ya kabaza. Ati kwabwera bungwe lina, likufuna mbewu za makolo, chifukwa akatswiri apeza kuti zimasungika bwino.

"Mphwanga," anatero osachita ndi manyazi omwe, "kodi chimanga chija cha amayi ako sichinatsaleko ngakhale pang'ono?"

Amayi anandiyang'ana ndi diso lija lakuti khala chete. Koma ndinali nditakhala chete kuyambira tsiku la pakhola lija. Ndinaimirira, manja ali ndi girisi.

"Malume, mbewuyo kafunseni nkhumba zanu. Ndipo pobwerera kwa akatswiri anuwo musenze mtondo uwu. Akayambe akonola okha, kenaka adzatiphunzitse kudya."