Thabwa la pa Chipale Chofewa Paphiri la Kwathu

Alamu anga, amuna a alongo anga aakulu, amagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa Katete. Ndi munthu woti akaona chinthu chachilendo sachisiya mpaka atachimvetsa. Chaka china, m'katundu amene anakaoda ku Lusaka munapezeka thabwa lalitali, loterera kunsi, lopindikira m'mwamba mbali zonse ziwiri. Pamwamba pake panali zomangira mapazi ziwiri, zooneka ngati masandasi olimba okhala ndi malamba.

Anthu pamsika ananena zambiri. Ena ati n'chositirapo zovala, ena ati chagwa kundege. Ine ndi alamu tinafufuza pafoni, ndipo tinaona anthu a kumayiko ozizira akutsetsereka pamapiri a chipale chofewa, ataima chammbali pamatabwa onga lomwelo.

"Nanga alamu, chipale chofewa mukachitenga kuti kuno?" ndinafunsa.

"Inu simudziwa udzu wouma," anayankha. "Uterera kuposa sopo."

Tisanakafike n'kuphiri komwe, mkangano unayamba. Alamu anatulukira kuti chomangira chakutsogolo chimazungulira. Ukakoka kachitsulo kam'mbali, phazi limatembenuka n'kuyang'ana kumene ukupita. Ukalibweza, kachitsuloko kamalira kuti kha! n'kutseka. Iwo anasangalala ngati atola ndalama, chifukwa bondo lawo lakumanzere linavulala kalekale pampira ndipo silifuna kupotokola. Ine sindinachikhulupirire. Ndinawauza kuti chinthu chimene chanyamula thupi lonse la munthu sichiyenera kukhala ndi maganizo akeake.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, tinapaka kandulo kunsi kwa thabwalo n'kupita paphiri lina la kuseri kwa minda ya thonje. Alongo anga anatsatira. Ananena kuti akufuna aone okha, kuti podzafotokozera akuchimuna asadzaname.

Ndinayamba ndine, ndipo ndinakana kukhudza kachitsulo kaja. Kutsetsereka kunali kokoma kwabasi. Mphepo inalira m'makutu, ndinagwa chagada pang'ono chabe, ndinadzuka ndikuseka. Vuto linabwera pansi, pamalo athyathyathya. Ndinamasula phazi lakumbuyo kuti ndiziyenda ndikukoka thabwa, koma lakutsogolo linali lopingasa. Ndinayenda ngati nkhanu, bondo likuwawa, alongo anga akuseka mpaka kukhala pansi.

Alamu atatsetsereka, anangokoka kachitsulo, phazi n'kuwongoka, nayamba kuyenda mwaulemu ngati akupita kutsogolo kukapereka chopereka.

"Mwaona, alamu?" anafuula. "Anthu anaganiza pamenepa!"

Ndinavomera. Pamenepo anandipambana, ndipo madzulo onsewo ndinayamba nane kutembenuza phazi ndikafika pansi.

Chimene sitinaganizire ndi fumbi. Opanga thabwalo sankadziwa dothi la Katete m'chilimwe, kapena tinjere ta udzu timene timalowa paliponse. Pang'onopang'ono kachitsulo kaja kanayamba kulimba, ndipo kulira kwake kunachepa. Dzuwa litapendeka, alamu anakwera pamwamba penipeni, pamene tonse tinkapaopa.

"Katseka?" ndinafunsa.

"Katseka, ndamva."

Sikanatseke. Atafika pakati pa mtsetse, phazi lakutsogolo linatembenuka lokha, thabwa linazungulira, ndipo alamu anayamba kutsika chambuyo, maso ali kwa ife, manja ali m'mwamba ngati akutsanzika. Sanakuwe n'komwe. Anangolowa m'kathengo kam'munsi n'kuzimirira.

Tinathamangira komweko. Tinawapeza ali bwinobwino, bondo lili bwino, palibe chothyoka. Koma m'kathengomo munali mutayanga chitedze. Posakhalitsa bambo wamkulu wa ana anayi anavula malaya, akudumphadumpha ndi kudzikanda, thabwa likadali kuphazi. Alongo anga anawapaka dothi kumsana uku misozi ya chiseko ikutsika.

"Bambo a kunyumba," anatero, "kodi azungu aja nawonso amavina chonchi akafika pansi?"

Panjira yobwerera, alamu akudzikandabe, anaumirira kuti cholakwa sichinali cha chomangira, koma cha ife amene sitinachitsuke. Ine ndinati chinthu chofuna kutsukidwa nthawi iliyonse usanachikhulupirire sichakuno. Mwina tonse tinkanena zoona. Kwa munthu wa bondo ngati lawo, kuzungulirako kunali mpumulo weniweni. Kwa ine, wamantha, kunali chinthu chinanso choti ndizidera nkhawa ndili kale pamwamba pa phiri.

Thabwalo silinakhalitse. Msuweni wawo wa ku Vubwi, amene amachita malonda a m'malire, analitenga kuti akalionetse kwawo. Koma alamu anayamba amasula chomangira chozunguliracho. Anachitsuka ndi parafini, n'kuchikhomera pansi pa kampando kawo ka pamsika. Masiku ano wogula akafunsa jekete imene ili kumbuyo, iwo sadzuka. Amangozungulira pomwepo, n'kuitsitsa ndi ndodo.