Amalume Anagwa Kawiri

Timajambula maukwati ku Zingwangwa, ine ndi mnzanga Yusufu. Iye analemba pulogalamu yosunga mavidiyo athu pa intaneti, akale ndi okonzedwa omwe, kope lina n'kumatsala pa laputopu kuti tisamadawunilode kawirikawiri.

Mayi a mkwatibwi wina anatipempha tichotse mu vidiyo pamene amalume a mkwatibwiyo anagwa akuvina ataledzera. Yusufu anadula n'kutumiza pa intaneti. Ine, poumira bandulo ya intaneti, sindinatenge yatsopanoyo. Ndinangokopera yakale ya pa laputopu n'kukapereka.

Amalumewo anagwanso ku Bangwe, pa TV, akuchimuna onse akuonera.

"Pulogalamu yakoyi ikusokoneza," ndinamuuza Yusufu.

Anatha masiku awiri akufufuza vuto lomwe kunalibe, kenako anandipepesa. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti ndinamusisita paphewa n'kunena kuti, "Usadandaule aise, aliyense amalakwitsa."