Mabisiketi a Kafukufuku pa Msewu wa ku Katuli

Tinanyamuka ku Zomba m'mamawa tili atatu: ine Tiyamike, mnzanga wa m'kalasi Yusufu woti akanditanthauzire Chiyao, ndi a Dokotala Chimwaza, amene ankayang'anira kafukufuku wanga wa chaka chomaliza m'maphunziro a kaganizidwe ka munthu. Pamiyendo panga panali katoni ya mabisiketi.

Kafukufukuyo sanali wovuta. Mwana umamupatsa bisiketi imodzi n'kumuuza kuti akapirira osadya mpaka iwe utabwerako, umuwonjezera ina. Ndinkafuna kuona kudziletsa kwa ana a pasukulu ina ku Katuli. Ndalama zonse zomwe dipatimenti inandipatsa zinathera m'katonimo, ndiye mabisiketiwo akanatha, digiri yanga ikanathera pomwepo.

Kondakitala wa minibasi anatidula K12,000 aliyense, n'kufunanso kuti katoni ilipire. Ndinamuuza kuti makanda salipira. Pa Liwonde Yusufu anagula chimanga chootcha ndi mazira owiritsa, koma a Dokotala anakana. Anati njala imakhala m'mutu, osati m'mimba, ndipo anaifotokoza nkhaniyi mpaka pa Ulongwe, kondakitala akuvomera ameni poyesa kuti ndi abusa.

Tinafika pa Mangochi boma dzuwa likuswa mtengo. Tinawoloka mlatho wa Shire pa kabaza, a Dokotala ali patsogolo, tayi ikuuluka paphewa. Kutsidyako tinapeza lole ya ku Katuli itasenza feteleza, malata ndi anthu pamwamba pake. Dalaivala anati tinyamuka pompano. Pompanopo panakwana anthu atatuluka mumzikiti ku swala ya masana.

Phiri la Chowe tinalikwera lole ikubuula. Titapatuka pa tala n'kulowa msewu wafumbi, inatsokomola kawiri n'kuzima pakati pa minda ya chimanga. Dalaivala anasuzumira mu injini, anakwera njinga yamoto yodutsa, n'kubwerera kuboma kukasaka chitsulo. Panalibe golosale, panalibe ngakhale wogulitsa nthochi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango wopanda mango.

Patapita nthawi, m'mimba mwa a Dokotala munalira moti mbuzi ya wokwera wina inacheuka.

"Tiyamike," anatero, "zipangizo za kafukufuku timayamba taziyesa. Nanga ngati mabisiketiwo anaonongeka ndi kutenthaku?"

Anang'amba paketi, n'kudya imodzi atatsinzina. Kenako anapukusa mutu. "Imodzi siingatiuze zoona. Sampulo yachepa."

Paketi inatha sampulo isanakwane. Atatsegula maso anapeza lole yonse ikuwayang'ana. Pofuna kubisa manyazi, anaimirira n'kuyamba kufotokoza za kafukufuku, Yusufu akumasulira m'Chiyao. Anthu anamvetsera bwino kuposa ife ophunzira.

Che Amidu, mkulu wina wochita malonda a matayala a njinga, anakweza mkono. "Adokotala, ine ndikadikira mpaka loleyi itadzuka, mundipatsa angati?"

Abiti Saidi, mayi wa dengu la usipa wouma, anawadula pakamwa. "Ine ndipatseni awiriwo pompano, kudikirako ndidikira pambuyo. Ndithawira kuti kutchire kuno?"

A Dokotala maso anawala. Anati uwu ndi mwayi woyeserera kafukufuku pa anthu akuluakulu, ndipo anaimika anthu pamzere. Palibe anadikira. Aliyense ankadya yoyamba n'kunena kuti sanamvetse malamulo, ayambirenso. Bambo wina anabwera kachiwiri atavula chisoti, n'kulumbira kuti woyambayo anali mkulu wake. Yusufu naye ankamasulira pakamwa pali todzaza.

Ndinasuzumira m'katoni, ndinaona pansi pake pakuyamba kuoneka mbali imodzi. A Dokotala anali munthu wodzachonga ntchito yanga, munthu amene zaka zonse za kuyunivesite sindinamuyankhepo china koposa "chabwino". Koma ndinatseka katoni ija n'kuikhalira.

"A Dokotala, otsalawa ndi a ana."

Iwo anakonza magalasi. "Mtsikana iwe, ukudziwa amene adzachonge ntchito yako?"

"Ndinu. Koma mukamaliza katoniyi, mudzachonga chiyani?"

Abiti Saidi anaseka mpaka kugwira nthiti, anthu ena n'kutsatira. Che Amidu anati mwanayu akadzatsegula golosale sadzagwa. A Dokotala anayenda mozungulira lole kawiri, manja kumbuyo, kenako anadzakhala pathumba la feteleza atandifulatira. Abiti Saidi anawamvera chisoni, anawapatsa usipa wodzaza dzanja ndi chinangwa chachiwisi. Anadya mwakachetechete, mitu ya usipa akuika m'thumba la jekete posowa potaya mwaulemu.

Dalaivala anabwera dzuwa litapendeka. Amuna anakankha, lole inadzuka, ine ndinakwera osaisiya katoni. Njira yonse yotsala ndinkawerengera mumtima zaka zomwe ndidzabwereze kalasi.

Tinafika ku Katuli nkhuku zikulowa. Aphunzitsi aakulu anatilandira pabwalo la sukulu n'kufunsa kuti kafukufuku wake ndi wa chiyani kwenikweni.

"Kudziletsa," anayankha a Dokotala, akusasa nyenyeswa m'ndevu.

Ulendowu unandiphunzitsa kuti kukaniza wamkulu sikupha, kumangotuluka thukuta. Mabisiketi otsalawo anali okwanira theka la ana omwe ndinkafuna, komabe anali okwanira digiri. Tikupita kunyumba yomwe anatikonzera, a Dokotala anandikokera pambali n'kunong'ona:

"Mu lipoti udzalembe kuti ana tinawachepetsa chifukwa cha mavuto a pamsewu."

Ndinalembadi choncho, ndipo silinali bodza. Iwo pochonga anaika chizindikiro chachikulu pambali pa chiganizocho, n'kulemba kuti ndafotokoza momveka bwino.